Muvi wa Sipidomita ya Seichento Yanga

Lolemba, 3 Febuluwale

Abrehet walepheranso mayeso a layisensi. Kachiwiri.

Woyesa atatsika mu kagalimoto kanga ka Seichento ananditengera pambali. "Aphunzitsi, mayiwa chiwongolero amatha, kubwerera m'mbuyo amatha, kuimika ndiye amaposa ine ndemwe. Koma giya! Pena asintha msanga galimoto n'kuzima, pena aiwala mpaka injini kukuwa." Ndinangoti inde bwana. Ndikanati chiyani?

Vuto ndikulidziwa. Abrehet makutu anawasiya kunkhondo, zaka zisanu ndi ziwiri ali pambali pa mizinga. Lakumanzere linaferatu, lakumanja limamva ukamuyang'ana kumaso n'kukweza mawu. Tsono ine kaphunzitsidwe kanga n'kamodzi zaka makumi atatu ndi chimodzi muno mu Asmara: tamvera injini, ikapempha giya uipatse. Kwa iyeyu ndakhala ndikumenya dashibodi ndi chikhatho nthawi yosintha ikakwana, pha! iye n'kusintha. Pamayeso palibe womenyera munthu dashibodi.

Tinakhala pa bala ya pakona, ine khofi wa makiyato, iye tiyi. Sanalire, si wolira ameneyu.

"Andom, iwe." Anthu a kunkhondo aliyense ndi iwe, ngakhale wansembe. "Kawotchi kali kutsogolo kwangako n'kachiyani?"

Ndati ndi sipidomita.

"Bwanji muvi wake umangogona?"

Ndati unagona zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo palibe amene anausowa.

"Nanga timizere tofiira tija?"

Ndati timasonyeza pamene giya iliyonse yathera mphamvu.

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti uli ndi chinthu chouza munthu ndi maso nthawi yosintha giya, koma miyezi inayi yonseyi ukundiimbira ng'oma pa dashibodi?"

Manyazi anandigwira, ndisaname.

Nkhani yake ndi iyi. Pikiapu ya malemu mwamuna wake yaima pabwalo zaka ziwiri. Ana ake awiri ali kunja, ndipo anena kuti akalephera kachitatu galimotoyo aigulitsa, wogula alipo kale, akungomeza malovu. Abrehet akuifuna kuti azipita yekha kumudzi kuseri kwa Segeneiti, kuli munda ndi manda a mwamunayo. Basi imamusiya pamsewu, kuchoka apo maola awiri wapansi, mawondo nawo anatha.

Mayeso achitatu ndi Lachinayi sabata yamawa, pa 13. Ndamulonjeza kuti muvi udzuka.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Kifle wamva kale. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha kugwira chiwongolero, lero ali ndi sukulu yake, galimoto ziwiri, ndi pakamwa posatseka. Wandipeza ndikutsuka galasi.

"Akulu, akuti mwayamba kukhulupirira muvi? Khutu lotchuka lija lapita pa penshoni?"

Ndati khutu langa lidzakuika m'manda iweyo lidakali pantchito. Waseka mpaka kutsamira njinga ya munthu n'kugwa nayo. Zam'yenera.

Masana ndagona chagada pansi pa dashibodi, miyendo panja. Msana wa zaka 66 sugwirizana ndi zimenezi. Kuseri kwa sipidomita kuli nati yopotokola ndi zala, yatuluka itandilanda khungu pang'ono. Kebulo ndi iyo: chipaipi chakunja, m'kati mwake waya wozungulira, nsonga yake ya makona anayi.

Ndakweza thayala lakumbuyo ndi jeke, ndaitana Letay kuti aziyang'ana nsonga ija ine ndikupukusa thayala. Mkazi wanga wabwera ndi ufa m'manja, akung'ung'udza. Ndapukusa, ndapukusa, iye phee. Ndafunsa kuti ikuzungulira? Phee. Ndapita kutsogolo nditapsa mtima.

"Ndayankha katatu kuti ayi!" akutero.

Masiku ano Letay amalankhulira m'kati mwa nsalu yake. Ndamuuza. Wandiyang'ana kwa nthawi, n'kubwerera kukhitchini.

Waya sakuzungulira. Ndiye vuto lili kumbuyo, kaya ndi waya, kaya ndi kagiya ka m'giyabokosi. Mulungu athandize kasakhale kagiya.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Tsiku losala, ndiwo za shiro ndi buledi wa injera basi, koma mtima wanga wadya nyama.

Ndalowa pansi pagalimoto, ndamasula kebulo kumene imalowera m'giyabokosi. Kagiya kalibwino, mano onse alipo, kakuzungulira thayala likazungulira. Ndakoka waya: chatuluka chidutswa chotalika ngati chala basi, chofiira ndi dzimbiri. Chinacho ndakokera kutsogolo, kutalika kwake pafupifupi mamita atatu, poti injini ya galimoto imeneyi ili kumbuyo ndipo kebulo imayenda pansi ponsepo. Anaduka. Zaka zisanu ndi zinayi, nkhani yake ya kawaya koduka.

Kenako mutu wake wa sipidomita. Ndauchotsa, ndauika patebulo, ndalowetsa kachidutswa kaja kumbuyo n'kukapana ndi chobowolera chopukusa ndi manja. Ndapukusa koyamba, zii. Ndakumbukira kuti imafuna chobwerera. Ndapukusa chobwerera, muvi n'kudzuka! Wanjenjemera, wakwera mpaka 20, wagwa.

Ndakuwa ndekha m'nyumba ngati mwana. Letay wathamanga poganiza kuti ndadzidula. Ataona muvi wati, "Ehe, Lazaro," n'kutuluka.

Wophunzira wa 3 koloko, mtsikana wa ku banki, wandifunsa ngati kuli bwino kuti injini izilira chonchi tisanasinthe giya. Ndati injini imeneyi ndi yofatsa, chaka chino ndiye yakhaliratu chete, ikukalamba bwino. Ana a masiku ano amaopa kalikonse.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ku msika wa amisiri wa Medeber. Ndisanalowe pachipata ndayamba kale kuyetsemula, amayi akupera tsabola mbali ina, mbali inayi nyundo zikusula migolo kukhala mbaula. Kale phokoso la kumeneku linkandipweteka mutu. Lero ndaona kuti achepetsako, kaya ntchito yachepa.

Aboy Okbay (Aboy kwathu kuno ndiye kuti bambo) ali pomwe ndinawasiya zaka khumi zapitazo, m'kachipinda kodzaza mawotchi akufa, masikelo ndi mamita a madzi. Zaka makumi asanu ndi atatu ndi kanthu, magalasi awiri pamphuno, limodzi pamwamba pa linzake.

"Andom mwana wanga, wabwera ndi maliro ati?"

Ndawapatsa zidutswa ziwiri zija ndi mutu. Kebulo yatsopano ya Seichento kulibe m'dziko lino, aliyense akudziwa. Iwo atulutsa waya wa lole yakale pamsomali, ayeza, adula, aotcha nsonga mpaka kufiira, n'kuisula pa kachitsulo kuti ikhale ya makona anayi. Sula pang'ono, yesa, sula pang'ono, yesa. Ola lathunthu pa nsonga ziwiri. Ndikati Aboy, zakwana, iwo amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mutu autsegula, atsuka kamaginito ndi kambale kake, adontheza dontho limodzi la mafuta a wotchi. Akuti m'kati mulibwino.

Malamulo awo ndi atatu, ndawalemba kuti ndisaiwale. Chipaipi nditsuke ndi palafini. Girizi ndipake pang'ono, ndipo chikhatho chimodzi chakumtunda ndisapake konse, apo ayi girizi akwera n'kulowa m'mutu. Lamulo lachitatu anena atandiloza ndi nyundo: "Muvi usaukhudze. Ndauika pamalo pake. Inu oyendetsa galimoto manja anu amayabwa."

Ndati Aboy, mukunena ine?

"Ndikunena khoma."

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kebulo yalowa. Zala zonse zili ndi mabala, koma yalowa.

Abrehet wabwera 10 koloko, wakhala pampando, wavala magalasi. Tanyamuka. Muvi wadzuka, koma ukuvina: 10, 30, 15, 40, ngati mchira wa mwana wa mbuzi. Abrehet waseka mpaka kuimitsa galimoto.

"Andom, uyu nayenso wamwa mowa wa suwa?"

Kifle, yemwe sasowa pamene munthu akuchita manyazi, walowetsa mutu pazenera. "Tayendetsani pang'ono." Wayenda pambali, khutu lili m'kati. "Iyo, ikuti tiki tiki tiki, cha kumapazi uku. Kebulo yapindika penapake. Simukumva, akulu?"

Ndati ndamva kalekale, ndimangomuyesa.

Sindinamve kanthu. Koma ndi mphepo ya lero munthu angamve chiyani?

Ananena zoona ndithu, chitsiru chimenechi. Ndinaikhotetsa kwambiri podutsa kuseri kwa kilatchi. Ndaimasula, ndaidutsitsa mokhota pang'onopang'ono, ndaimanga ndi kachingwe. Muvi wasiya kuvina.

Loweruka, 8 Febuluwale

Wasiya kuvina, wayamba kunama.

Ndinatuluka ndekha m'mawa kuti ndiuyese. Giya yachiwiri, ndikumvera injini monga mwa masiku onse. Ili phee, sinapemphe kanthu. Ndiponye diso: muvi wadutsa kale kamzere kofiira ka pa 40, ukupita ku 50. Pamene khutu langa likuti tsopano sintha, muvi uli kutali kwambiri. Ndabwereza kanayi, kanayi konse chimodzimodzi. Ukuwonjezera ngati 15.

Giya yachiwiri ya galimoto imeneyi ndimaidziwa kuposa dzina langa la ubatizo. Pamene ndimasinthira ndi 30, 35 ikachuluka. Zakhala choncho kuyambira Kifle akuyamwa.

Ndachotsanso waya kuona ngati girizi wakwera. Wouma bwinobwino kumtunda. Matayala ndi omwe aja, saizi sinasinthe. Ndiye ndi mutu. Aboy Okbay akalamba, magalasi awiri aja sakuwathandiza.

Abrehet ndamuuza kuti phunziro la lero kulibe, muvi sunakhazikike. Wawerenga zala pamaso panga: Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Akuti mwana wake wamkulu waimba foni, wati wogula uja abwere Lachisanu kudzaona pikiapu, "kuti tisataye nthawi, amayi."

"Andilepheretsa kale ndisanakwere," anatero. Zinandikhudza.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kutchalitchi wansembe watsopano uja amadya mawu, palibe chomwe ndatolapo. Masana khofi wa Letay, makapu atatu onse, ndi mbuliwuli. Watsitsa wailesi kawiri, ine ndakweza kawiri. Nkhondo ya m'banja mwathu ndi imeneyi.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndabwerera ku Medeber ndi mutu m'thumba. Aboy aulumikiza ku kamakina kawo kopukusa, chinthu chomwe anasiya Ataliyana, akuwerenga kuzungulira kwake ndi wotchi m'dzanja. Kawiri.

"Ulibwino."

Ndati Aboy, ukuwonjezera 15.

"Wauyeza ndi chiyani?"

Ndaloza khutu langa.

Avula galasi limodzi, andiyang'ana ndi lotsalalo. Anena kanthu akuyang'ana kumbali, sindinagwire. Ndati mwati? Atembenuka n'kukweza mawu: "Ndati ulibwino, mwana wanga! Pita nawo."

Ndatuluka osatsanzika bwino. Ndikudziwa kuti n'kulakwa kwa munthu wamkulu, koma mtima unali utadzaza. Munthu wokonza masikelo a anyezi andiuze ine za liwiro la galimoto yomwe ndakhalamo theka la moyo wanga?

Kufika kunyumba ndachotsa galasi la sipidomita. Ndatenga timasupuni tiwiri ta shuga ta Letay, kamodzi uku kamodzi uku pansi pa muvi, ndatukula, phwi! wazuka. Ndaubwezera cham'mbuyo ndi 15, ndaukanikiza ndi chala. Mphindi zisanu basi.

Ndayesa pamsewu wa ku bwalo la ndege. Khutu likati sintha, muvi uli pa 33, pansi pa kamzere kofiira bwinobwino. Tsopano tikugwirizana! Ndabwerera ndikuimba mluzu.

Letay wapeza kasupuni kamodzi katapindika. Ndati kanali kale choncho.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Sindikudziwa poyambira.

Abrehet anabwera 9 koloko. Ndinamuuza malamulo: yoyamba mpaka 15, yachiwiri mpaka 35, usadutse kofiira, ine manja ndipinda. Tinanyamuka. Anachita ndendende, diso pamsewu, diso pamuvi. Ine ndikuti eya, eya. Tisanathe makilomita awiri anakhotera kumbali n'kuzimitsa.

"Muvi uwu ukunama."

Ndinati unkanama, ndaukonza dzulo.

"Waukonza bwanji?"

Ndinamufotokozera za timasupuni, monyadira ndithu.

"Andom, ine sindimva, koma ndili ndi dzanja. Ndikafika pa 35 yakoyo, ndodo ya giya ikundinjenjemeretsa mpaka m'chigongono. Mpando ukuyabwa. Mwamuna wanga galimoto ikatero ankatukwana. Ndipo anthu a m'mbali mwa msewu akutembenuka kutiyang'ana, sukuwaona?"

Ndinati amayang'ana chifukwa galimoto ndi yokongola.

"Kutsutsa galu n'kukumba. Uli ndi wotchi?"

Tinapita pamsewu wa ku Mendefera, pamene pali poongoka, pali miyala ya makilomita. Akuti kunkhondo ankayeza chilichonse, palibe ankaombera mzinga ndi maganizo. Munthu akamayenda 30, kilomita imodzi imatenga mphindi ziwiri, mwana wa sukulu akudziwa. Iye agwira muvi pa 30, ine ndigwira wotchi.

Mwala woyamba, ndayamba kuwerenga. Muvi unali pa 30 ngati wokhomedwa, mayi ameneyu phazi lake ndi lokhazikika. Mwala wachiwiri unatipeza pa mphindi imodzi ndi masekondi makumi awiri.

Ndinati wotchi yathamanga. Tinabwereza chobwerera, wotchi ya pafoni yake. Mphindi imodzi, masekondi makumi awiri ndi limodzi.

Ndiye kuti 45. Muvi ukuti 30, galimoto ikuyenda 45. Ndendende 15 yomwe ndinachotsa ndi timasupuni. Aboy Okbay ananena zoona, muvi unali bwino Loweruka lija, wonama anali ine. Akanapita nawo pamayeso choncho, injini ikanakuwa m'makutu mwa woyesa kuyambira pachipata, ndipo pikiapu ikanapita Lachisanu chifukwa cha manja anga.

Tinakhala m'galimoto pambali pa msewu. Ngolo ya bulu inadutsa. Abrehet anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kwa iye, monga ine ndimachitira ndikafuna kuti andimve.

"Unayamba liti kuyang'ana anthu pakamwa akamalankhula?"

Ndinati sindiyang'ana munthu pakamwa.

"Ukundiyang'ana panopa. Ndinakuona tsiku loyamba. Umapereka tsaya lakumanja, umaseka nthabwala mochedwa anzako ataseka kale. Ine zimenezi ndi za kwathu. Ndinkangoti mwini wake akudziwa."

Ndinafuna kupsa mtima koma panalibe poupsera. Ndinachita mantha, ndilembe zoona, mantha enieni. Ndinamufunsa kuti ndiye miyezi inayi yonseyi ndimamenya dashibodi mochedwa?

"Mochedwa kwambiri. Dzanja langa limati sintha, iwe osamenya. Ndinasiya kukhulupirira dzanja poti mphunzitsi ndiwe. Pamayeso ndiye ndimasokonezeka, kaya ndimvere dzanja, kaya ndidikire iwe wosaoneka."

Kawiri konse analephera chifukwa cha ine.

Anayendetsa yekha pobwerera, akusintha ndi dzanja lake, osayang'ana muvi. Pondisiya anati, "Usapange nkhope ya maliro. Sikufa kumeneku, ine ndakhalako zaka makumi atatu. Ingokonza muvi wanga."

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndalawira ku Medeber ndi mutu m'thumba ndi buledi wa himbasha m'manja. Aboy aona muvi, aona ine, aona himbasha.

"Masupuni?"

Ndati masupuni.

"Manja oyabwa." Auzula, aupukusa pa kamakina kawo, aukhazika, aupukusanso katatu. Kenako adontheza kadontho ka utoto wofiira pamutu pa muvi kuti ndikadzaukhudzanso adzadziwe. Ndapepesa za Lolemba. Iwo ati Lolemba lomwelo anandiuza kuti ndikapimitse makutu, koma ndinayankha kuti mwati.

Masana tabwerera ku miyala ija ndi Abrehet. Muvi pa 30: mphindi ziwiri ndi sekondi imodzi. Chobwerera: mphindi ziwiri ndendende. Wamenya dashibodi ndi chikhatho, pha! n'kuti imeneyo ndi yobweza.

Maola atatu tazungulira tauni, chitunda cha mayeso kasanu ndi kawiri. Dzanja lake ndi muvi zikunena chimodzi. Ine ndangokhala ngati katundu. Kawiri konse ndinaona ngati wasintha msanga, pakamwa panatseguka, ndinatsekanso.

Kunyumba ndamuuza Letay zonse, za kasupuni zomwe. Anali akusankha mphodza. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Zaka zitatu," akutero, atakweza mutu kuti ndimuone. "Zaka zitatu ndikukuwa m'nyumba muno mpaka aneba akuti tikumenyana."

Ndati bwanji osandiuza?

"Ndinakuuzani kangati? Mumati ndimalankhulira m'nsalu."

Ndamuthandiza kusankha mphodza. Akuti ndasiya miyala yambiri kuposa yomwe ndachotsa.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Abrehet anafika atavala zoyera za kutchalitchi, nsapato za pulasitiki za kunkhondo kumapazi. Akuti izi ndi zomwe zimamva kilatchi bwino. Anapukuta galasi la sipidomita ndi ngodya ya nsalu yake, n'kundiuza kuti ndichoke, ndikumutchingira dzuwa.

Woyesa ndi yemwe uja. Atamuona anapumira m'mwamba, n'kulowa ndi mapepala ake.

Aphunzitsi tonse timaima kuseri kwa chingwe, sitiloledwa kudutsa. Tinalipo asanu ndi mmodzi. Galimoto inatuluka pachipata bwinobwino, inakhota, inayamba chitunda, kenako inalowa kuseri kwa mpanda wa sukulu. Pamenepo simuonanso kanthu kwa mphindi zingapo. Ndi pamene anthu ambiri amafera, ndipo ife timadziwa zonse ndi makutu basi. Zaka zonsezi wolengeza ndinali ine: wazimitsa uyo, wakukuta giya uyo, wadutsa uyo.

Anzanga onse anapendeketsa mitu. Wina anagwedeza mutu kuvomereza. Wina anati eee. Ine ndinapendeketsa nawo. Kunali zii, mphepo yokha m'khutu ndi mtima wanga kugunda.

Kifle anali pambali panga, kumanja. Ndinaganiza zongogwedeza mutu ngati anzanga, palibe akanadziwa. Koma ndinkafuna kudziwa, Mulungu ndi mboni, ndinkafuna kudziwa kuposa kusunga ulemu. Ndinamukoka malaya.

"Kifle, mwana wanga. Wasintha?"

Anayamba kumwetulira, nthabwala ili kale pamlomo. Kenako anandiyang'ana bwino, kumwetulira kuja n'kuzima. Enawo anamva, onse anayang'ana pansi.

Anasendera pafupi, n'kuika pakamwa pake pakhutu langa.

"Wasintha, Aboy. Yachiwiri, yosalala." Anadikira, dzanja lili paphewa panga. "Iyo yachitatu. Sanakukute. Akutsika tsopano... wabwezera yachiwiri pakona. Aboy, mayiwa akuyendetsa!"

Sananditchulepo Aboy chiyambire.

Anapitiriza choncho, giya ndi giya, mpaka ka Seichento kanatulukira mbali inayo. Kanaima pamzere ndendende. Woyesa anatsika akulemba, ananena kanthu kwa Abrehet, iye n'kumugwira mkono kuti abwereze akumuyang'ana. Anali kutali, koma pakamwa pa woyesayo ndinapawerenga ndisanauzidwe ndi munthu.

Mwakhoza, amayi.